Ankanditcha Ba Eko

Ndinafika ku Kitwe kutatsala zaka zochepa kuti dziko lilandire ufulu. Ndinachokera kwathu kummawa, kufupi ndi malire a Nyasalande, ndili ndi satifiketi ya Sitandade Sikisi, malaya awiri ndi bulangete. Amene anandilandira anali akulu anga, mwana wa amayi anga aakulu, omwe anali atagwira kale ntchito ya pansi pa mgodi kwa zaka zambiri. Iwo ndi alamu anga anandipatsa malo m'khitchini, ndipo ndinkagona mmenemo mutu uli pafupi ndi thumba la makala.

Akulu anga ankafuna kuti ndikalowe nawo pansi, chifukwa ndiko kunali malipiro abwino. Koma dokotala wa kampani atandikweza pa sikelo ndi kundimvetsera m'chifuwa, anapukusa mutu. Ndinali wowonda ngati bango. Chimene chinandipulumutsa chinali Chingerezi changa cha kusukulu ya mishoni, komanso mawu anga, amene anali aakulu kuposa thupi langa. Anandilemba ntchito ya umesenjala mu ofesi ya komboni, ndipo womasulira wakale atapuma, mzungu woyang'anira komboniyo ananditenga kuti ndilowe m'malo mwake. Chibemba ndinali nditachitola kale kumsika ndi kumpira, monga mmene aliyense amachitolera ku Migodi.

Bwanayu anali wamtali, wa khosi lofiira, ndipo sankaseka kawirikawiri. Pakakhala nkhani yoti komboni yonse imve, tinkakwera galimoto yobiriwira ya kampani imene inali ndi chimkuzamawu padenga. Iye ankakhala kutsogolo ndi dalaivala n'kumanena mawu ake m'Chingerezi, ine kumbuyo ndikuwaponya m'chimkuzamawu m'Chibemba, kenako m'Chinyanja. Tsiku lina tinaima kumapeto kwa komboni, kumene nyumba zimayang'anana ndi chiphiri chakuda cha zotsalira za mkuwa zimene ankataya kuchokera ku ng'anjo. Uthenga unali wakuti madzi atsekedwa mawa. Nditangonena, chiphiricho chinandibwezera mawu anga, mawa, mawa, momveka bwino ngati kuseri kwake kwaima munthu wina. Ana amene ankathamangira galimoto anayamba kuseka. Bwana nayenso anaseka, analoza chiphiricho, kenako analoza ine, n'kutchula liwu limene ndinali ndisanalimvepo: eko.

Dalaivala ndiye analinyamula liwulo kupita nalo ku biyaholo. Sabata isanathe, apolisi a mgodi, azimayi a pampopi ndi ana a sukulu omwe, onse ankanditcha Ba Eko, monga Achibemba amatchulira munthu mwaulemu. Nditakwatira, mkazi wanga anakhala Bana Eko, kutanthauza amake a Eko, asanabereke n'komwe. Poyamba ndinkanyadira. Ndinkayesa kuti ndi dzina la udindo, ngati kapitawo kapena kalaliki, moti munthu wina akupita kumudzi ndinamutuma kuti akawauze amayi kuti ndakwezedwa pantchito, tsopano ndine eko.

Amene ananditsegula maso anali mkulu wa mpingo wathu, mphunzitsi wachikulire amene ankakonda mawu monga mmene ena amakondera nkhunda. Titatuluka m'tchalitchi tsiku lina ndinawafunsa tanthauzo la dzina langa, ndipo tinakhala pa benchi kuseri kwa tchalitchicho. Anandiuza kuti liwuli si la Angerezi kwenikweni, anachita kubwereka kwa Agiriki, kumene linachokera ku liwu lotanthauza kulira kwa chinthu. Angerezi amalitchula mawu ako akagunda phiri kapena khoma la nyumba yopanda katundu n'kubwerera kwa iwe. Ndinati kwathu timangoti phiri layankha, ndipo anzathu Achibemba amati ichiunda. Iwo anavomera, n'kupitiriza kuti oyendetsa zombo amatumiza phokoso pansi pa nyanja n'kudikira eko kuti adziwe kuya kwa madzi, ndiponso kuti kunja kuli manyuzipepala amene anawapatsa dzina lomweli chifukwa amabweza zimene anthu anena. Atafika pamenepo anayamba kupukuta magalasi awo nthawi yaitali.

"Palinso tanthauzo lina, mwana wanga," anatero. "Amatero ponena munthu amene alibe mawu akeake, wongobwereza za mnzake."

Ndinabwerera kunyumba nditakhumudwa. Nthawi imeneyo kampani inali itangotipatsa nyumba ya zipinda ziwiri, ya magetsi, ndipo mkazi wanga anali ndi pakati. Nditamufotokozera zimene ndinamva, anapitiriza kusadzula masamba a chibwabwa osandiyang'ana. Anati dzina silidontha, chimene chimadontha ndi denga, ndipo denga la nyumba iyi linali lolimba. Sananame. Nyumba, chipatala, sukulu ya ana, zonse zinali zomangiriridwa ku ntchito. Munthu akachoka ntchito Lachisanu, Lolemba ankapezeka ali pamsewu ndi mapoto ake.

Ntchito ya mu ofesi inali yolemera kuposa ya pa galimoto. M'mawa uliwonse pakhonde pankakhala mzere wa anthu a milandu: amene amenyana ku biyaholo, amene agwidwa akutcheza kachasu, amene akusunga abale osalembetsa, amene nkhuku zawo zalowa m'maluwa a kuchipatala. Lamulo la bwana linali limodzi, lakuti ndisawonjezere kanthu ndipo ndisachotsere kanthu. Iye ankamva Chikabanga, chinenero chosakanizasakaniza chimene azungu ankalamulira nacho anthu pansi pa mgodi, ndipo pakhomo pankaima sajeni wa apolisi a mgodi amene ankadziwa Chingerezi. Panalibe pozembera. Ndinkayenera kulankhula ngati mwini wake wa mawuwo. Bwana akati sindifuna kukuonanso pano, inenso ndinkati sindifuna kukuonanso pano, ndikuuza munthu wa msinkhu wa bambo anga. Munthuyo akati ndagwira mwendo wanu, ndinkatembenukira kwa bwana n'kumugwira mwendo m'Chingerezi. Pofika masana ndinkakhala nditathamangitsa anthu, nditapepesa, nditakana milandu ndiponso nditalumbira, koma ine mwini ndisananene kanthu.

Anthu akatuluka mu ofesimo, nkhope imene ankaikumbukira inali yanga. Mzungu ankapita kwawo kutsidya kwa njanji, pamene ine ndinkagula ndiwo msika umodzi ndi iwo. Mkazi wanga akafika pampopi, macheza ankaduka mpaka atasenza ndowa yake.

Akulu anga okha ndi amene ankaitenga nkhaniyi mwanthabwala. Lamulungu masana tinkapita kwawo, alamu n'kutithirira munkoyo, thobwa la kumeneko, m'makapu a chitsulo, ndipo akuluwo ankandiyamba dala kuti ndimasulire zimene tambala wawo wanena. Ankasimba kuti pansi pa mgodi mawu amabwereranso. Ukaitana mnzako m'ngalande za mmenemo, mawu ako amatulukira mbali zingapo, moti anthu achilendo amathamangira kolakwika. Koma ankati iwo sadana nawo mawu obwererawo, chifukwa amakuuza kuti njira ikadali yotseguka, ndipo nthawi yoopa ndi pamene waitana koma osamva kanthu. Akatero ankandimenya paphewa n'kundiuza kuti ndipirire, ufulu uli pafupi, azungu apita, ndipo mpando wa bwana uja ndidzakhalapo ndine.

Ufulu unabweradi. Mbendera yatsopano inakwera, tinavina m'bwalo la mpira mpaka fumbi kutilowa m'mano. Mkuwa unkayenda malonda kunja, malipiro anakwera, ndipo anthu anagula mawayilesi, njinga ndi masuti, ena mpaka magalimoto akale a azungu. M'masitolo a m'tauni, mmene kale tinkagulira pawindo, tinayamba kulowera pakhomo. Koma bwana wanga sanapite. Anangosintha chikwangwani cha pachitseko chake n'kusiya kutitchula kuti boyi. Anyamata a ku sekondale ankatumizidwa ku maphunziro kuti adzatenge malo a azungu, ndipo ine ndinapempha kuti andilole ndikaphunzire ukalaliki wa m'nyumba yosungira katundu. Bwana anayankha kuti munthu sabwereketsa pakamwa pake. Nditapemphanso chaka chotsatira, anandiuza kuti tsopano akufuna a Fomu Thu, Sitandade Sikisi yatha ntchito.

M'malo moti mawu anga apume, anapeza eni ake ena. Loweruka lina anyamata a chipani anagogoda pakhomo panga. Anati tcheyamani wa dera lathu akufuna munthu wa mawu amphamvu woti azitembenuza zolankhula zake kuti anthu a kummawa azimva, ndipo pakamwa pamene panatumikira mzungu payenera kutumikiranso dziko. Kukana kunali kosatheka, chifukwa anyamata omwewo ndi amene ankaima pachipata cha msika n'kumafunsa makhadi a chipani. Choncho Loweruka ndinkakwera pa tebulo n'kumakuwa kuti azungu a mgodi atiyamwa magazi kokwanira, Lolemba n'kukaima pambali pa mmodzi wa iwo ndikuuza mayi wina kuti akaphe abakha ake. Lamulungu mmishonale akabwera kudzalalikira, amene ankaima naye kutsogolo ndinali ine ndemwe.

Kunyumba ndinasanduka munthu wachete. Tsiku lina mkazi wanga anandifunsa ngati tiitanitse mng'ono wake kumudzi kuti adzatithandize kulera ana, kapena tidikire kaye. Ine ndinati kapena tidikire kaye. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati iye wafunsa mwamuna wake, sanafunse phiri. Ndinatuluka n'kukakhala pa njerwa kuseri kwa nyumba. Mphepo inali itatembenuka, ndipo senta, utsi woyabwa wa ku ng'anjo uja, unkakanda kukhosi. Ndinayesa kufufuza mumtima kuti kodi ineyo ndikufuna chiyani pa nkhani ya mlamu wangayo, ndipo sindinapezemo kanthu.

Tsoka linabwera m'nyengo yotentha, mvula isanagwe. Telefoni inalira m'mawa anthu a milandu ali pamzere. Bwana ataiika pansi anatenga chipewa chake n'kundiuza kuti tikupita kukanena maliro. Munthu wina wagundidwa ndi kasitima konyamula miyala pansi pa mgodi, ndipo wafera pomwepo. Anatchula nambala ya nyumba. Inali nyumba imene ndinkagona m'khitchini mwake.

Ndinamuuza kuti munthuyo ndi akulu anga. Anaima chilili, anati pepa, kenako anati mwina ndi bwino choncho, mayiyo amve kuchokera kwa mbale wake. Ndinamupempha kuti titume kaye sajeni akaitane akulu a mpingo. Ndinamufotokozera kuti kwathu maliro sauza munthu ali chiimire. Amapita akuluakulu, amakhala pansi, amayamba ndi kunena kuti bambo adwala kwambiri, azimayi anzake atamuzungulira kale. Bwana anamvetsera, koma anati lamulo la kampani ndi lakuti uthenga ufike anthu a shifiti ya m'mawa asanatuluke, kuopa kuti mkaziyo angamvere pamsewu.

Azimayi onse a m'komboni ankadziwa tanthauzo la galimoto yobiriwira ikamayenda chimkuzamawu chili chete. Ankatuluka m'nyumba manja ali ndi thovu la sopo, n'kumaiyang'ana kuti ikhotera mzere uti. Tinawapeza alamu akuyanika ovolosi ya akulu anga pa waya. Atandiona ndikutsika anamwetulira, ndipo kumwetulirako kunatha ataona mzungu akuvula chipewa. Bwana analankhula, ine ndinadikira kuti amalize monga mwa masiku onse.

"Ndabwera ndi uthenga woipa, mayi," ndinatero. "Amuna anu atisiya m'mawa uno pansi pa mgodi."

Ndinawatchula kuti mayi chifukwa ndi mmene bwana anawatchulira. Ndinati amuna anu, ndikunena munthu amene anandigulira nsapato zanga zoyamba. Alamu anakhala pansi pa dothi, ovolosi yonyowa ija ili pamiyendo. Azimayi anzawo anafika akuthamanga n'kuwagwira. Bwana anapitiriza kunena za bokosi ndi lole imene kampani ipereke, ndipo ine ndinabwereza zonsezo ngakhale panalibe amene ankamvetsera. Tinakweranso galimoto. Titafika ku ofesi anandiuza kuti ndipite, ndidzabwere maliro akatha. Ndinabwerera wapansi kunyumba ya maliro, ndipo ndinayamba kulira ndili panjira, pafupi ndi malo ogulitsira makala.

Akulu anga tinawaika konko ku Kitwe, chifukwa kwathu kunali kutali ndipo kunkatentha. Patapita masabata angapo, m'mawa wina ndinawaona alamu ali pamzere wa pakhonde la ofesi, atavala zakuda, mutu atameta, mwana wawo wotsiriza ali kumsana. Anali ndi ana anayi. Anawaitanitsa ndi bwana, ndipo ine ndinkadziwa chifukwa chake, popeza mawu amenewo ndinali nditawanena kale kwa azimayi ena amasiye. Bwana anati kampani ikupepesa kwambiri, ndipo chipepeso chidzabwera nthawi yake ikakwana. Anati nyumbayo ikufunika kuti mulowe wantchito wina mwezi usanathe, ndipo kampani ipereka lole yowanyamula mpaka kumudzi. Ndinanena zonse, osasiyako. Alamu sanamuyang'ane mzunguyo ngakhale pang'ono. Maso awo anali pa ine.

"Alamu," anatero, "mawu amenewa ndi anu, kapena ndi a mzunguyu?"

Bwana anafunsa kuti mayiyu akuti chiyani. Ndinatembenuka n'kumuuza kuti akufunsa ngati mawuwa ndi anga kapena ndi ake. Anatikita m'maso ndi zala, n'kunena kuti ndiwauze kuti si akenso iye, achokera ku ofesi yaikulu, ndipo a ku ofesi yaikulu nawonso amalandira kuchokera kutsidya kwa nyanja. Ndinawauza.

"Ndiye mukawauze eni ake a mawuwo kuti ndamva," anatero alamu.

Kenako anatsitsa mawu n'kuyamba kulankhula Chichewa cha kumudzi, chimene sajeni sankachitola bwino. Anati kumudzi sapita. Munda wawo anagawana kalekale achibale, ndipo ana awiri aakulu ali pa sukulu ya mgodi, akawachotsa ndiye kuti sukulu yathera pomwepo. Sanandipemphe kanthu. Anangonena, n'kukonza chitenje chimene anaberekera mwana. Bwana ankadikira kuti ndimasulire, pensulo ili m'manja. 

"Bwana, izi ndikunena ndine," ndinatero m'Chingerezi. "Ndikupempha kuti banjali likhale m'nyumba mwanga."

Sajeni anatembenuka pakhomo n'kundiyang'ana. Bwana anati ana awiri a sukuluwo atha kulembedwa pa nyumba yanga ngati anga, koma mayiyo ndi ana aang'ono ayi, chifukwa lamulo silimulola. Ndinatembenukira kwa alamu n'kuwauza yankholo. Anagwedeza mutu n'kutuluka.

Lole ija sinapite kummawa. Alamu anapempha dalaivala kuti akawatule ku Ndola, ku Chifubu, kwa mlongo wawo amene ankagwira ntchito yophwanya miyala cha ku malo otchedwa Bwana Mkubwa. Mkazi wanga ndiye anawathandiza kumanga katundu. Tambala uja anatisiyira ife. Pasanapite masiku, nyumba ya akulu anga inapakidwa laimu n'kulowamo banja lina, ndipo ine ndinayamba kuzungulira njira ina popita ku tchalitchi. Kwathu tinali ndi ana atatu, tsopano anakhala asanu. Madzulo tinkakankhira tebulo kukhoma kuti apeze pogona.

Kuyambira pamenepo ofesi ija inandikola pakhosi. Ndikangoona mzere wa pakhonde, ndinkalakalaka kubwerera kunyumba. Alamu anali atayamba kupikula mabanzi ku bekale ya Mgiriki wina m'tauni ya Ndola n'kumagulitsa pamsika wa Chifubu, ndipo anatumiza mawu akuti Mgirikiyo akufuna munthu wodziwa zinenero woti azilandira ogula ambiri. Loweruka lina ndinazemba msonkhano wa chipani n'kukwera basi.

Mgirikiyo anali wamfupi, manja ali mbuu ndi ufa wa tirigu. Tinalankhula titaimirira pakati pa mathireyi a buledi wotentha. Anandifunsa dzina limene anthu amanditchula, ndipo nditamuuza anaseka mpaka kukhosomola. Anati liwulo ndi lakwawo, koma Angerezi analiwononga, ndipo analitchula yekha mochokera kukhosi ngati munthu wofuna kulavula. Anati kwawo kuli mapiri ambiri, ndipo ali mwana ankaima pamwamba pa thanthwe n'kumatukwana dala kuti amve phiri likumubwezera. Anandikonda, ndipo anati ndingayambe mwezi wotsatira. Malipiro sankasiyana kwenikweni ndi a ku mgodi. Nditafunsa za nyumba, anatambasula manja n'kunena kuti iye amaphika buledi, samanga nyumba.

Loweruka lotsatira ndinapita ndi mkazi wanga kukafuna pokhala ku Chifubu. Nyumba za khonsolo zinali ndi anthu ambiri odikira, ena kwa zaka. Chimene mlongo wa alamu anatipezera chinali chipinda chimodzi kuseri kwa nyumba ya munthu, chopanda magetsi, chimbudzi chogawana ndi mabanja ena. Mkazi wanga analowa, anaima pakati, anayang'ana makoma onse, n'kutuluka. Alamu anatipatsa tiyi ndi mabanzi pa benchi lawo la kumsika. Anafunsa za ana awo, ngati wamkulu wasiya kukhosomola, ngati mtsikana akulimbikira sukulu. Atamva kuti tikasamuka anawo achoka pa sukulu ya mgodi, anayamba kukonza mabanzi amene anali okonzeka kale m'dengu.

M'basi yobwerera ku Kitwe tinayenda mtunda wautali tikuyang'ana zulu zikuluzikulu za m'mbali mwa msewu. Kenako mkazi wanga analankhula osatembenuka.

"Mukafuna kubwera kuno, ine ndibwera, bambo. Koma musankhe ndinu."

Nthawi imeneyi ndinkadziwa chimene ndinkafuna. Ndinkafuna fungo la buledi lija, ndi bwana amene amaseka mpaka kukhosomola. Tinafika kunyumba dzuwa likulowa, n'kupeza ana asanu atazungulira tebulo pansi pa babu, akulimbirana labala imodzi. Mtsikana wa akulu anga anali ataphika kale ndiwo ndipo anali atasambitsa wamng'ono wathu. Lolemba ndinavala yunifolomu yanga n'kupita ku ofesi. Mgiriki uja ndinamutumizira mawu kudzera kwa alamu kuti afune munthu wina.

Ndinaimanso pambali pa bwana uja zaka zingapo. Sitinakambiranepo za tsiku lija, koma ikafika nkhani ya mkazi wamasiye ankalankhula mwachidule kuposa kale, akuyang'ana pawindo. Nthawi yake yopita itakwana, kampani inakonza mwambo wotsanzikana mu holo ya komboni. Iye anathokoza anthu chifukwa cha zaka zonse zimene anakhala nawo, ndipo ine ndinathokoza m'Chibemba ndi m'Chinyanja. Kenako anaimirira amene ankalowa m'malo mwake, mnyamata wa kumpoto wovala tayi, wophunzira kunja. Ananena chiganizo chake choyamba, ine n'kukoka mpweya kuti ndibwereze monga mwa chizolowezi, ndipo m'pamene ndinazindikira kuti walankhula Chibemba. Atamaliza anabwereza yekha m'Chinyanja chomveka bwino. Anthu anaomba m'manja. Ndinakhalabe chiimire pambali pake manja ali lende, mpaka sajeni anandikoka jekete kuti nditsike.

Sanandichotse ntchito. Sabata yotsatira ananditumiza ku kachipinda kosungira makiyi a nyumba za komboni, kuseri kwa ofesi. Munali mabotolo a mafuta a maloko, zitini za penti, magalasi a mawindo, ndi thabwa lalikulu la misomali pamene pankapachikidwa makiyi. Windo linali limodzi, loyang'ana khoma la kiliniki. Ntchito yanga inali yopereka kiyi kwa wolowa m'nyumba ndi kulandira kiyi kwa wotuluka. Olowa ankabwera akuseka, nthawi zina ndi akazi awo. Otuluka ankabwera okha: opuma pantchito, ochotsedwa, ndi azimayi ovala zakuda. Panalibe chimene ndinkayenera kuwauza. Ankaika kiyi pa tebulo, ine n'kuipachika pa msomali wake. Ndinaikamo mpando wachiwiri ndi ketulo, ndipo amene ankafuna kukhala pang'ono asanapite ankakhala.

Ana asanu aja onse anamaliza sukulu. Mtsikana wa akulu anga anakhala namwino ku Ndola, ndipo anawachotsa amayi ake pa benchi la mabanzi miyendo itayamba kuwavuta. Alamu ankandilandira bwino nthawi zonse ndikapita kukawaona. Ankandipatsa mpando wabwino, ankafunsa za mkazi wanga ndi za anthu a kumpingo, ndipo tinkakamba za mitengo ya zinthu ndi za mvula. Za mu ofesi muja sanazitchulepo mpaka pamene anamwalira, ndipo inenso sindinaziyambe.

Ndinakhala m'kachipinda ka makiyi mpaka mutu unachita imvi, mkuwa utasiya kale kuyenda malonda ndipo penti itasowa m'zitini. Chakumapeto ndinapeza kamalo ku Chimwemwe, dera lina la Kitwe, ndipo ine ndi ana tinkaumba njerwa Loweruka lililonse. Tsiku langa lopuma pantchito litafika, tinakweza katundu pa lole m'mawa. Mkazi wanga anasesa nyumba yonse ngakhale ndinamuuza kuti adzaipaka laimu. Ndinakhoma chitseko n'kuyenda wapansi kupita ku ofesi kukabweza kiyi. Pa tebulo langa panali patakhala kale mnyamata amene ndinamuphunzitsa ntchito mwezi umenewo. Anaimirira mwaulemu, anandifunsa nambala ya nyumba ngakhale ankaidziwa, ndipo anandifunsa ngati ndimwe tiyi. Ndinamuuza kuti lole ikundidikira. Kutsogolo kunakhala mkazi wanga ndi mdzukulu, ine ndinakwera kumbuyo pamwamba pa matiresi, nditagwira wailesi kuti isagwe.